Munthu akadwala ndege ili m'mwamba, gadiyani wake ndani?

Msika wa fodya ukafika pachimake ku Chinkhoma, m'midzi ya ku Kasungu mumayamba kumveka nkhani za maulendo. Wina mabelo ake agulidwa bwino, akufuna akaone mwana amene anapita ku Joni kalekale. Wina mwana yemweyo ndiye watumiza tikiti kuti mayi akaone chidzukulu. Palinso amene ulendo wake si wachisangalalo, madokotala amulembera kalata kuti akalandire thandizo ku India. Onsewa amatsata msewu wa M1, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 100, mpaka ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Ambiri mwa iwo ndege ankangoiona ikudutsa pamwamba pa zigafa. Lero alowamo.

Kuchipatala kwathu kuno wodwala sagonekedwa yekha. Pamakhala gadiyani womutembenuza, womumwetsa phala, wothamangira kukaitana anamwino zinthu zikavuta usiku. Nanga m'ndege, chitseko chitatsekedwa, muli pamtunda wa mamita 11,000 kuchokera pansi, udindo umenewu ndi wa yani? Ndi wa atsikana ndi anyamata a yunifolomu aja, amene ambirife timawatenga ngati ongoperekera tiyi.

Ntchitoyi inayambira ku unamwino. M'chaka cha 1930, namwino wina wa ku America, Ellen Church, ananyengerera kampani ya Boeing Air Transport kuti ilembe anamwino oti aziyenda ndi anthu m'ndege, ndipo iye anakhala mkazi woyamba kugwira ntchitoyi. Masiku ano sikofunika kuti akhale anamwino, koma palibe amene amaloledwa kugwira ntchito m'ndege asanaphunzire chithandizo choyamba, ndipo amabwerera m'kalasi kawirikawiri kukakumbutsidwa ndi kuyesedwa. Zili choncho ku Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 boma litagwirizana ndi Ethiopian Airlines, monganso ku makampani ena onse otsatira malamulo a bungwe la ICAO.

Kuti timvetse chifukwa chake munthu wokwera ali bwinobwino amadwala m'mwamba, tiyambe ndi mpweya. Kunja kwa ndege pamtunda wa mamita 11,000 uja munthu sangakhale moyo, choncho mpweya wa m'kati amachita kuupopera. Koma saupopa kufika pa mlingo wa pansi pano. M'kati mwa ndege thupi limamva ngati lili paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400. Mlimi wa kwa Santhe kapena ku Chulu, amene anazolowera chigwa cha mamita 1,000 ndi pang'ono, zili ngati wanyamulidwa n'kukaikidwa pamwamba pa Nyika m'mphindi 20 zokha. Okosijeni wa m'magazi, amene mwa munthu wathanzi amakhala cha pa 97 pa 100 alionse, amatsika kufika cha pa 90 mpaka 93. Wathanzi sazindikira n'komwe. Koma amene mapapo ake anatopa kale amabanika.

Apa m'pamene ndimadera nkhawa anthu a kwathu. Bambo amene wakhala zaka zambiri akusonkhezera moto m'mabani usiku wonse, akupuma fumbi la fodya posankha ndi pomanga mabelo, mwinanso akusuta chingambwe, chifuwa chake si cha mnyamata ayi. Mayi amene wakalambira pa mafuwa atatu m'khitchini yopanda zenera ndi chimodzimodzi. Onjezanipo amene anadwalapo TB, a mphumu, amene magazi anachepa chifukwa cha malungo, ndi ana obadwa ndi matenda a sickle cell. Anthu otere kumunda amalimbika, ndipo iwo eni amadziona ngati ali bwino. M'mwamba muja thupi limaulula zimene linkabisa. Ndipo wopita ku India kudzera ku Addis Ababa asaganize kuti akatera apumula, chifukwa bwalo la Bole nalonso lili pamtunda wopitirira mamita 2,300.

Pali zinanso ziwiri. Mpweya umene uli m'mimba, m'makutu ndi m'mphuno umafufuma ndege ikamakwera, mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake makutu amatseka, makanda amalira ndege ikamatsika, ndipo amene wangochitidwa opaleshoni ya m'mimba, ya pachifuwa kapena ya diso amauzidwa kuti adikire kaye. Chachiwiri, mpweya wa m'ndege ndi wouma kuposa wa mu Okutobala, ndipo munthu amataya madzi osadziwa.

Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2013 anaunika nkhani 11,920 za anthu odwala mwadzidzidzi m'ndege za makampani asanu. Anapeza kuti zoterezi zimachitika paulendo umodzi mwa maulendo 604 alionse. Vuto lalikulu silinali mtima, monga ambiri amaganizira. Anthu 37 pa 100 alionse anakomoka kapena kutsala pang'ono kukomoka, 12 anavutika kupuma, ndipo pafupifupi 10 anali ndi mseru ndi kusanza. Mwa ndege zimene munali odwalawo, zimene zinakakamizika kutera pabwalo lina zinali 7 pa 100, ndipo omwalira anali atatu pa odwala 1,000 alionse.

Kukomoka kumeneku kumabwera m'njira yodziwika bwino. Munthu wadzuka m'bandakucha ku Kasungu, sanadye chifukwa cha mantha, sanamwe madzi poopa chimbudzi cha m'ndege chimene sadziwa katsekulidwe kake, ndipo wavala jekete pamwamba pa juzi. Wakhala malo amodzi maola atatu, magazi atsikira kumiyendo. Akangoimirira, chizungulire, maso kuchita mdima, n'kugwa.

Ogwira ntchito m'ndege akaona zimenezi sathamangira pamalopo onse. Amene wafika koyamba amakhala ndi wodwalayo osamusiya. Wachiwiri amakatenga zipangizo, wina n'kumadziwitsa kaputeni zonse zimene zikuchitika. Wokomoka amamugoneka chagada, kawirikawiri m'kanjira kapena kumene amakonzera zakudya, n'kumukweza miyendo kuti magazi abwerere kumutu, ndipo amamumasula tayi kapena lamba. Ambiri amatsitsimuka posakhalitsa. Ngati ndi wa shuga ndipo wadzuka moti angathe kumeza, amamupatsa chakumwa chotsekemera. Wobanika amamukhazika tsonga n'kumuika pa botolo la okosijeni. Wogwa khunyu amangomuteteza mutu, samupanikiza manja kapena kumuika supuni m'kamwa monga timachitira kumudzi, ndipo akasiya kuphupha amamugoneka cham'mbali. Mtima ukaima amayamba kupsinya pachifuwa, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo ndege zambiri zoyenda mitunda italiitali zimanyamula makina a AED odzutsira mtima ndi magetsi. Pamenepa sadikira aliyense, chifukwa mphindi iliyonse yochedwa imachepetsa kwambiri mwayi woti munthuyo apulumuke.

Kenako mumamva chilengezo chofunsa ngati m'ndegemo muli dokotala kapena namwino. Pa kafukufuku uja, madokotala apaulendo anathandiza pafupifupi theka la odwala onse. Wodzipereka amafunsidwa umboni wa ntchito yake, monga chiphaso cha Medical Council of Malawi kapena cha bungwe la anamwino ndi azamba, chifukwa m'ndege muli bokosi lina la mankhwala amphamvu ndi majakisoni limene munthu wamba saligwiritsa ntchito. Makampani ambiri alinso ndi madokotala apansi amene amalankhula nawo pa wailesi kapena pa lamya ya setilaiti, monga a MedLink amene ali ku Phoenix m'dziko la America. Koma zoti ndege ipatuke ikatere pabwalo lapafupi amagamula ndi kaputeni, ataganizira mafuta, nyengo, ndiponso ngati kumene akufuna kuterako kuli chipatala choti n'kumuthandiza wodwalayo.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi ya ulemu. Wogwira ntchito m'ndege wodziwa ntchito yake salankhula ndi wodwala ataimirira. Amanjuta pambali pa mpando mpaka maso alingane, monga mwana wolangika amachitira polankhula ndi akulu. Amadzitchula dzina, amatsitsa mawu kuti oyandikana nawo asamve, n'kufunsa kuti, "Agogo, mukumva bwanji m'thupi? Chikukupwetekani n'chiyani? Pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku?" Asanamugwire pamkono kapena kumumasula batani amapempha chilolezo, pokhapokha ngati munthuyo wakomoka. Mayi akagonekedwa pansi amamufunditsa bulangete, ndipo ngati n'kotheka amathandizidwa ndi mkazi mnzake. Wosanza kapena wodziipitsira amamutchinga, amapukuta mwakachetechete, osakwinya nkhope. Zimene wodwala waulula, kaya ndi za ma ARV kaya za pathupi pamene abale sanauzidwe, zimathera pomwepo.

Ulemu umenewu ndi mankhwalanso, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi sanena zoona. Ndipo ife tili ndi chizolowezi chimene pansi pano ndi khalidwe labwino koma m'mwamba chingatiphetse. Munthu wamkulu akafunsidwa amati, "Ndili bwino mwanawe, usavutike," thukuta likuchita kuyenderera, dzanja litagwira pachifuwa. Safuna kuvutitsa anthu, safuna kuoneka wakumudzi pamaso pa azungu ndi mabwana. Pamwamba pa mpando uliwonse pali batani loitanira ogwira ntchito, ndipo kulidina si mwano. Kupweteka kwa pachifuwa, phuma, dzanzi la mbali imodzi, lilime kulemera, zonsezi zinenedwe nthawi yomweyo, ndege ikadali ndi mabwalo oti ingaterepo. Kudikira mpaka ili pakati pa nyanja ya Indian Ocean n'kumanga manja anthu amene akanakuthandizani.

Apaulendo enafe tilinso ndi mbali yathu. Kwathu munthu akagwa timaunjikana, ndipo timatero chifukwa cha chifundo, koma kanjira ka m'ndege n'kopapatiza moti anthu awiri sapatukana bwino. Khalani pampando. Akakupemphani kuti musamuke kuti wodwala agone, samukani osang'ung'udza. Foni ikhale m'thumba. Kujambula munthu ali chikomokere, chitenje chitamasuka, n'kukaponya pa WhatsApp kapena pa Facebook ndi nkhanza, ndipo abale ake sayenera kumva za matenda ake mwa njira imeneyo. Thandizo lalikulu limene Mmalawi angapereke m'ndege yakunja ndi kumasulira. Ogwira ntchito a ku Ethiopia, ku Kenya kapena ku South Africa sangamve gogo akamati mtima ukuchita kuthamanga kapena mutu ukuwaza. Mukamva mnzanu akuvutika kufotokoza, kwezani dzanja.

Matenda opatsirana ali ndi malamulo akeake. Wapaulendo akatentha thupi kufika madigiri 38, n'kukhalanso ndi chizindikiro china monga kutsokomola kosalekeza, kutsegula m'mimba, kusanza, zidzolo kapena kutuluka magazi, ogwira ntchito amavala magolovesi, amamupatsa masiki, amamupatula ngati malo alipo, ndipo kaputeni amadziwitsa bwalo limene akukatera. Si tsankho. Mu Julaye 2014 Patrick Sawyer anakwera ndege kuchoka ku Liberia akudwala Ebola n'kukafika nayo ku Lagos, ndipo Dr Stella Adadevoh, amene anakana kumutulutsa m'chipatala kuti asafalitse matendawa, anatenga nthendayo n'kumwalira. Pa TB, bungwe la WHO limalangiza kuti amene angapatsire ena asakwere ndege mpaka atamwa mankhwala kwa masabata osachepera awiri ndipo akupeza bwino.

Zambiri mwa izi zimapeweka munthu asanachoke pakhomo. Amene ali ndi matenda a mtima, a mapapo, a shuga kapena BP apite kaye kuchipatala, kaya cha boma pa Kasungu, kaya ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya, akanene kuti ali ndi ulendo wa pandege. Ngati matendawo ndi aakulu, kampani ya ndege imapereka fomu yotchedwa MEDIF yoti dokotala alembe, ndipo okosijeni wa paulendo amapemphedwa masiku angapo ulendo usanafike. Mayi woyembekezera nthawi zambiri amafunsidwa kalata akadutsa masabata 28, ndipo makampani ambiri salola kukwera pakatha masabata 36, kapena 32 ngati ndi mapasa. Paulendo wa maola anayi kapena kuposerapo, kafukufuku wa WHO wa mu 2007 anaonetsa kuti chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo chimawirikiza kawiri, choncho imirirani, yendani pang'ono, gwedezani mapazi, imwani madzi, mowa muuleke. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka patapita masiku mutafika, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti munakwera ndege.

Mankhwala onse, kaya insulin, ma ARV, a BP kapena kopopera ka mphumu, asalowe m'sutikesi yaikulu imene imapita kunsi kwa ndege, chifukwa kumeneko palibe angakafikeko ndege ili m'mwamba. Akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala kaja. Ngati mukuperekeza kholo losalankhula Chingerezi, lembani pakapepala dzina la matenda ake, mankhwala amene amamwa, amene amamuwenga, ndi nambala ya amene akukamuchingamira, n'kumuikira m'thumba la malaya. Munthu akakomoka, kapepala kameneko n'kamene kamamulankhulira.

Nthawi zina zonse zimakanika. Ogwira ntchito m'ndege alibe mphamvu yolengeza kuti munthu wamwalira, umenewo ndi udindo wa dokotala. Malangizo a bungwe la IATA amati apitirize kuyesa kudzutsa mtima kwa mphindi zosachepera 30. Zikalephereka, amamuika malo apadera ngati alipo, amamufunditsa mpaka m'khosi, ndipo mmodzi wa iwo amakhala pafupi ndi wachibale mpaka ndege itatera. Koma kawirikawiri nkhani simathera pamenepo. Ndege ikaima mumangomva pempho loti nonse mukhalebe m'mipando yanu, chitseko n'kutseguka, azaumoyo a pabwalo n'kulowa ndi njinga ya odwala, ndipo gogo uja amatuluka koyamba, mtsikana wa yunifolomu akumunyamulira chikwama chake.