Thumba la Chimanga Silidyetsa Nthochi

Munthu akamayenda pa msewu wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka kukwera mapiri a ku Ngauma, n'kovuta kuti aone mudzi wopanda nthochi kuseri kwa nyumba. Ambiri a ife sitiziwerengera m'gulu la mbewu, komatu mkoko umodzi umagula sopo ndi makope a ana pa miyezi imene nkhokwe yayamba kumveka mphako. Vuto limabwera pamene mwini wake wafuna kuzichitira chifundo: amatapa feteleza wotsala kumunda wa chimanga nathira patsinde, kenaka n'kudabwa kuti masamba abiriwira koma nthochi zake n'zazing'ono ngati zala za mwana.

Yankho lalembedwa pathumba pomwepo. Manambala atatu aja amanena za nayitrojeni, fosiforasi ndi potashi, motsatana chomwecho. Nthochi imadya potashi wambiri kuposa mchere wina uliwonse, nayitrojeni amabwera pambuyo pake, pamene fosiforasi imangomulawa. Tsono taonani feteleza wa 12-24-12 amene ali wofala kuno ku Mozambique: m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 12 a fosiforasi, koma a potashi 6 okha. Mwalipira kwambiri chimene nthochi siichifuna kwenikweni. Wa chitowe amene tinkamudziwa kutsidya kwa Chiponde, 23:21:0+4S, analibe potashi ngakhale pang'ono, ndipo 23:10:5 amene anadzalowa m'malo mwake ali ndi makilogalamu awiri ndi theka basi. Yureya ndi nayitrojeni yekhayekha. Ameneyo ndiye wobiriwitsa masamba uja. Wopeza MOP kwa ogulitsa zipangizo zaulimi wapeza chenicheni, pakuti thumba lake lili ndi makilogalamu 30 a potashi, ndipo pakhomo lingathe kugawidwa ndi mabanja angapo.

Feteleza wa fodya amakhala ndi potashi wochulukirapo, koma ngati munamutenga pa ngongole, msiyeni apite kumene munalonjeza. Nthochi sizidzakubwezerani ngongoleyo.

Agogo athu sanadziwe manambala amenewa, koma ankabzala nthochi padzala ndi kuseri kwa bafa. Apo pamatayidwa phulusa, makoko ndi zitosi za nkhuku, ndipo madzi sasowa ngakhale m'chilimwe. Phulusa la nkhuni lili ndi potashi, ndipo limatuluka m'khitchini tsiku ndi tsiku popanda kulipira metikali imodzi. Liwazeni mozungulira, osaliunjika, ndiponso musalisakanize ndi yureya chifukwa limauluza mphamvu yake. Manyowa a m'khola akhale owolerana. Aawisi amatentha mizu. Mukadula mkoko, thunthu ndi masamba ake muziduledule n'kuziyala pomwepo, pakuti potashi wambiri amene chomeracho chinakoka m'nthaka watsalira m'menemo. N'zomvetsa chisoni kuona amayi akusesa pansi pa nthochi mpaka pali mbee, nakatentha zinyalalazo kutali.

Wogula feteleza athire nthaka ili yonyowa, pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa dzinja, motalikira theka la mita kuchokera patsinde, nakwirire. Pa phata limodzi siyani zitatu zokha: mayi, mwana ndi mdzukulu. Zikakhala khumi, mukudyetsa khamu lopanda mkoko.

Nthochi yosowa potashi imadziulula yokha. Masamba akale amasanduka achikasu chofiirira kuyambira kunsonga, kenaka amapindika ndi kuuma msanga. Koma mukaona masamba atsopano ali opyapyala, aafupi, oima chilili ndi othithikana pamwamba, musatayenso ndalama. Chimenecho chingakhale chisaka, nthenda yofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndi mbewu yodwala, imene inagwetsa minda ya ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje ku Malawi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Monapo, m'chigawo cha Nampula, kunapezekanso nthenda ya m'nthaka yofotetsa nthochi, yotchedwa TR4, mu 2013. Palibe feteleza wochiza ziwirizi. Kaitaneni alangizi a zaulimi adzaone, ndipo mbewu yochokera kutali, ngakhale akupatseni ndi achibale a ku Namwera, muyambe mwafunsa za munda umene yachokera musanaikumbire dzenje.