Kusankhira mphatso makolo a ku Chadiza: cibale ndi nyengo ndizo zitsogolera

Mwezi wa Disembala ukayandikira, mabasi ocokera ku Lusaka ndi ku Migodi opita kum'mawa amadzaza ndi katundu wa anthu opita kukaona makolo. Ambiri mwa a ku Chadiza, boma la m'malire a dziko lino ndi Mozambique komwe kukhala anthu oposa 100,000, amayamba azungulira m'masitolo a ku Kamwala kapena a ku Chipata ali ndi funso limodzi: kodi atsibweni, apongozi kapena ambuye tiwagulire ciani? Mwana savuta, nsapato za kusukulu zimukwanira. Koma wacikulire akafunsidwa pa foni amangoyankha kuti safuna kanthu, cacikulu mufike ndi moyo.

Yankho limeneli ndi la ulemu. Pa mwambo wa Acewa, amene ndiwo oculuka m'madera a mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, munthu wamkulu sachula cimene afuna kwa mwana, kuopa kuoneka ngati akulipiritsa kulera kwake. Adziwanso kuti m'tauni muli lendi ndi ndalama za sukulu. Motero nchito yofufuza imagwera wopatsa, ndipo ambiri amalephera pamenepa. Amagula suti imene idzagona m'sutukesi kufikira tsiku la maliro, kapena foni yodula imene idzathera m'manja mwa mdzukulu sabata isanathe.

Coyamba coyenera kumvetsa ndi cakuti mkulu wa kumudzi akalandira, amagawa. Citsanzo cili pafupi. Caka ciliconse, Loweruka lothera la mwezi wa Ogasiti, mafumu a Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka mtulo kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu unaletsedwa ndi atsamunda m'ma 1930 ndipo unayambanso mu 1984. Dzina lakuti Gawa licokera ku mau akuti kugawa, pakuti ulemu wa mfumu uli pa kulandira ndi kugawira anthu ake. Zimene zicitika ku Mkaika zicitikanso pakhomo paliponse pamene pali mwini mbumba. Thumba la shuga la makilogalamu 10 likafika kwa ambuye, pomafika madzulo lalowa m'nyumba zinai. Bulangeti latsopano mudzalipeza pa mphasa ya adzukulu.

Wopatsa asakwiye nazo izi. Ambuye sanapeputse mphatsoyo, aigwiritsa nchito monga mwa udindo wao, ndipo akulu akale anati kupatsa n'kuika. Koma ngati colinga ndi cakuti cinthu cikhale ca iwo eni, pafunika kubwera ndi mitolo iwiri. Wina ndi wa khomo lonse, wa mcere, sopo, saladi ndi shuga, umene agawe mmene afunira. Winawo ndi wao-wao, ndipo uyenera kukhala cinthu cosagawika: jombo za msinkhu wa phazi lao, cipewa, jekete la m'nyengo yozizira, mpando wotsamira wa munthu wodwala msana. Pa shuga ndi mcere m'pofunika kusamala, popeza okalamba ambiri tsopano auzidwa ku cipatala kuti acepetse zimenezi kamba ka matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kufunsa amene amawaphikira kumathandiza.

Caciwiri ndi cibale, ndipo pano ndi pamene ana obadwira m'tauni amapunthwa kawiri-kawiri. Acewa amatsata mtundu wa kucikazi. Atsibweni, ndiko kuti alongo ao a amai, ndiwo amaimira banja pa ukwati, pa milandu ndi pa maliro. Munthu amene abwera ndi katundu wodzaza kwa atate ake n'kupitirira khomo la atsibweni cimanja-manja, walakwa pamaso pa mudzi ngakhale palibe amene adzamuuza. Mphatso ya atsibweni siyenera kukhala yodula. Iyenera kuoneka, cifukwa ndi imene adzavala popita ku bwalo la mfumu kapena ku chalichi, anthu nadziwa kuti mbumba yao iwakumbukira.

Apongozi ndi nkhani ina. Mkamwini ndi amai a mkazi wake amapewana, ndipo m'midzi yambiri sakhala pa mphasa imodzi. Mphatso yocokera kwa mkamwini imadzera mwa mkazi wake kapena mwa alamu, amene amaipereka nanena mwini wake. Nsalu ya citenje, mapoto, ndowa kapena bulangeti n'zoyenera. Covala cofuna kudziwa msinkhu wa thupi la apongozi n'cocititsa manyazi mbali zonse ziwiri. Kumene bambo ali ndi akazi awiri, citenje cimodzi cimayambitsa mkangano umene udzatsala pakhomo wopatsayo atabwerera ku Lusaka. Zikhale ziwiri, za mtengo wofanana koma za maluwa osiyana. Ndipo popereka, manja onse awiri, wamng'ono atakhala pansi kapena atagwada. Katundu woponyedwa pakhonde galimoto ikulira amataya theka la ulemu wake.

Kenaka pali nyengo. Anthu a m'tauni amapatsana mphatso pa Khirisimasi ndi pa tsiku lobadwa, pamene kalendala ya mlimi wa ku Chadiza imayendera mvula. Mbeu ya cimanga, nshawa kapena soya yofika pa Khirisimasi yacedwa, pakuti kubzala kumayamba ndi mvula ya mu Novembala ndi kuciyambi kwa Disembala. Pa Khirisimasi cimanga cimakhala citamera ndipo cikudikira feteleza wa pamwamba wa urea. Boma lakhala likuthandiza alimi ang'ono-ang'ono ndi feteleza wotsika mtengo kuyambira mu 2002, pa cikonzero cimene mu 2009 cinachedwa FISP, koma si mlimi aliyense amene ali m'kaundula, ndipo matumba ake sakwanira munda wonse. Thumba limodzi la makilogalamu 50 lofika pa nthawi yake lidzakumbukiridwa pokolola. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimapepuka. Bulangeti ndi la Juni ndi Julayi, ndipo malata a denga amafunika mvula isanagwe.

Zaka nazonso zimasiyana. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengo imeneyo cinali tsoka la dziko lonse, citakhudza maboma 84 mwa 116. Caka cimeneco panalibe mphatso yoposa thumba la ufa. Mu 2025 dziko linakolola cimanga coposa matani 3 miliyoni, ndipo ufa womwewo ukanakhala wosafunika pa makomo ambiri, pamene matumba osungiramo cimanga osalowa anankafumbwe akanathandiza. Foni imodzi kwa m'bale wokhala pafupi ndi makolo imaulula zimene iwo eni sangachule.

Cina cimene ogula amaiwala ndi mtengo wosungira mphatsoyo. Midzi yambiri ya kutali ndi boma ilibe magetsi a ZESCO. Ketulo ya magetsi kapena wailesi ya kanema imangokhala cokongoletsa m'nyumba. Foni yaikulu yotsetsereza cala ifuna kuchaja tsiku ndi tsiku ndiponso ndalama za intaneti, pamene kafoni ka mabatani, ka zilembo zikulu-zikulu ndi tochi, kamatha masiku angapo. Nyale ya sola yokhala ndi pochajira foni, kapena wailesi yoyendera dzuwa, imacotsa ndalama za mabatire mwezi uliwonse, ndipo mwa mphatso za masiku ano ndiyo imene kawiri-kawiri siikhumudwitsa. Njinga nayo ndi yabwino kwa amene akali ndi mphamvu, makamaka yamtundu umene zitsulo zake zipezeka kwa okonza njinga a pa msika wa Chadiza. Cigawo ca Kum'mawa ndi dziko la njinga kuyambira kale, pamene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga ku Chipata.

Ziweto zioneka ngati mphatso yanzeru cifukwa zimaswana, komabe zili ndi mabvuto ake. Nkhuku zogula kutali zingabweretse citopa, cimene cimasesa makola m'miyezi yotentha. Nkhumba zimagwidwa ndi cigodola cimene cakhala cikubvutitsa cigawo cino kwa zaka zambiri, ndipo kusamutsa ziweto kufuna cilolezo ca a zacipatala ca ziweto. Mbuzi ifuna mbusa m'nyengo ya mbeu, ndipo ikadya munda wa mnansi mlandu umagwera wokalamba yemweyo. Ndi bwino kugula ciweto m'mudzi momwemo, mwiniwake atabvomera kuti ali ndi womuthandiza.

Pali mphatso imodzi yotsika mtengo imene anthu saiganizira kweni-kweni: magalasi owerengera. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Si matenda, ndi ukulu cabe. Koma ambiri kumudzi amangosiya mwakacetecete kuwerenga Baibulo ndi nyimbo za ku chalichi, kulowetsa ulusi m'singano, kusankha mbeu ndi kuona manambala a pa foni, osauza munthu. Kafukufuku wina amene anacitika pakati pa othyola tiyi ku Assam m'dziko la India, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti anthu amene anapatsidwa magalasi otere anathyola masamba oculuka ndi maperesenti oposa 20 kuyerekeza ndi anzao. Kwa mlembi wa mpingo, mai wosoka kapena nyakwawa yosunga buku la mudzi, kusintha kwake n'kwa tsiku lomwelo.

Magalasiwa sagulidwa mongoganizira, cifukwa mphamvu zake zimasiyana ndipo mwini maso ayenera kuyesa yekha. Komanso ngati diso layera ndi ng'ala, magalasi sathandiza, pafunika opaleshoni. Conco mphatso yeni-yeni pano ndi ulendo: kuwatenga makolo kupita nao ku cipatala ca boma ca Chadiza, kapena ku Mwami kufupi ndi Chipata kumene kuli cigawo ca maso, kulipira mayendedwe ndi kudikira nao pa mzere. Wokalamba amene angakane ndalama sakana kuperekezedwa ndi mwana wake.

Nanga bwanji osangotumiza ndalama? Funsoli ndi lomveka. Mu 1993 katswiri wa zacuma wa ku America, a Joel Waldfogel, anawerengera kuti mphatso za Khirisimasi zimataya pakati pa gawo limodzi mwa magawo 10 ndi limodzi mwa atatu a mtengo wake, cifukwa wolandira sakadazigula pa mtengo umenewo. Boma lathu nalonso linasankha njira ya ndalama pothandiza osauka, kuyambira ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 linayesa kupereka ndalama kwa okalamba m'boma loyandikana nalo la Katete. Wokalamba adziwa zosowa zace kuposa mlendo wa masiku atatu, ndipo kwa amene ali ndi ngongole ya aganyu kapena afuna kugula mankhwala, ndalama ndiyo mphatso yolondola.

Koma a Waldfogel anafunsa ophunzira a pa yunivesite, anthu odzisungira okha ndalama zao. Kumudzi ndalama ndiyo imagawika msanga kuposa shuga. Mbiri ikamveka kuti kwa ambuye kwafika kanthu, odwala, ofedwa ndi ofuna yunifomu amafika, ndipo mwini mbumba sangakane. Ndalama za pa foni za Airtel kapena MTN zili ndi ngozi inanso. Okalamba ambiri amauza mdzukulu nambala yacinsinsi kuti akawatapire, ndipo akuba otumiza mauthenga abodza amasaka anthu otere, monga bungwe la ZICTA lakhala likucenjeza. Amene asankha ndalama acita bwino kuzimangirira ku nchito yodziwika, monga kulipiratu olima ndi ng'ombe kapena womanga khitchini, kotero kuti wokalambayo angathe kuuza opempha moona mtima kuti ndalamazo zili ndi mwini.

Zikaperekedwa pamanja, zikhale zing'ono-zing'ono. Banki yaikulu ya dziko inatulutsa ndalama zatsopano mu Malichi 2025, kuphatikizapo za K200 ndi K500, ndipo K500 ndi yobvuta kusintha pa kantemba ka m'mudzi. Wokalamba amaituma kwa mnyamata kukasinthitsa ku boma, ndipo siibwera yonse. Ena mwa akulu-akulu akali kuwerenga m'mapini a kale, ngakhale kuti maziro atatu anacotsedwa pa kwaca mu Januwale 2013, motero ndi bwino kuwerengera nao limodzi, pang'ono-pang'ono, pakhale mboni imodzi ya m'banjamo.

Pobwerera, mlendo asadabwe kuona nkhuku yomangidwa miyendo, thumba la nshawa kapena ufa wa kumtondo zikuikidwa m'galimoto. Uyu ndi kamba wa paulendo, ndipo ndi njira imene wokalamba amabwezera kuti asaoneke wopemphetsa pakhomo pake. Ena amakana poganiza kuti akuwasungira makolo cakudya, kapena poopa kulipira katundu pa basi ya ku Chipata. Kukanako kumapweteka kuposa kubwera cimanja-manja, ndipo m'midzi ya kwa Mlolo ndi kwa Zingalume nkhani yotere imakambidwa kufikira mlendoyo adzabwerenso.