Maola ndi Malipiro a Azamba m'Zipatala Zazing'ono za Kumidzi

Lamulo la ntchito la dziko lino, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'chaka cha 2000, likunena kuti munthu wolembedwa ntchito asapitirire maola 48 pa sabata, ndipo kuti maola oonjezera alipiridwe mwapadera. Koma pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, pamene pali mzamba mmodzi kapena awiri okha, lamuloli nlovuta kulisunga, pakuti matenda a mayi woyembekezera sayang'ana dzuwa. Mzamba amene wagwira sikelo ya amayi kuyambira m'mawa ndi yemweyonso amagogoderedwa pakhomo pakati pa usiku, popeza kawirikawiri nyumba yake ili pafupi ndi chipatala.

Katundu ameneyu wakula chifukwa cha zabwino zimene dziko lachita. M'chaka cha 2007 Boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, ndipo ngakhale chiletsocho chinafewetsedwa mu 2010, mafumu ambiri anapitiriza kulipitsa chindapusa mabanja ochirira kunyumba. Kalembera wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti ana 55 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali 91. Imfa za amayi pa nthawi ya uchembere zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Ntchito yonseyi inagwera m'manja mwa azamba ophunzitsidwa.

Mbiri ikuonetsa kuti malipiro amasunga antchito. Pamene anamwino ambiri ankapita ku Britain ndi ku mabungwe olipira bwino, Boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, linaonjezera ndalama zokwana 52 pa 100 aliwonse pa malipiro a magulu 11 a antchito azachipatala m'chaka cha 2005, ndipo linakulitsa sukulu zowaphunzitsa. Antchito a magulu amenewa anachuluka kuchoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Panadzanso dongosolo la lokamu, loti namwino wogwira ntchito pa tsiku lake lopuma kapena pa tchuthi alandire kenakake. Mu 2011 kunayambika maphunziro a miyezi 18 a azamba othandizira a m'madera akumidzi.

Komatu ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliwonse m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 mu Novembala 2023, kotero kuti malipiro a mzamba sagulanso chimanga, feteleza ndi yunifomu ya ana monga kale. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula za kuchepa ndi kuchedwa kwa ndalama za lokamu, ndiponso za ophunzira omaliza sukulu amene amakhala pakhomo osalembedwa ntchito pamene anzawo akulema m'zipatala. Nkhaniyi ikhudzanso zipatala za mishoni za CHAM, pakuti malipiro a antchito ake amachokera ku Boma.

Mzamba wotopa angathe kuchedwa kuona kuti mayi akutaya magazi kapena kuti mwana wabanika, ndipo mphindi zochepazo ndizo zimalekanitsa moyo ndi imfa. Chotero nkoyenera kuti akuluakulu a zaumoyo ndi makhonsolo a m'maboma azilemba bwino maola amene mzamba aliyense wagwira, kuwerengera ndi ausiku omwe, ndi kulipira lokamu pa nthawi yake. Nkoyeneranso kuti polemba antchito atsopano ziyambe ndi zipatala zokhala ndi mzamba mmodzi, pakuti akulu anati mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo: atsikana ndi anyamata okhoza sayansi awalimbikitse kusankha ntchito imeneyi, chifukwa mudzi uliwonse udzafuna mzamba mawa monga ukumfunira lero.