Mowa Wakuda Wonunkhira Chokoleti

Ambiri a ife tikamva mawu oti chokoleti timaganiza za maswiti a ana, ndipo tikamva za mowa timaona chipanda cha masese chikuzungulira pabwalo. Inenso sindinkadziwa kuti ziwirizi zingakumane m'tambula imodzi kufikira madzulo ena m'nyengo yachisanu ku London, pamene mnzanga wina, mphunzitsi wakumeneko, adandiikira patsogolo botolo lolembedwa kuti Young's Double Chocolate Stout.

Atautsanula, mowawo udali wakuda bii, thovu lake lofanana ndi khofi wothira mkaka. Ine poopa kuoneka wachilendo ndidagugudiza msanga, koma chomwe ndidamva ndi kuzizira ndi kuwawa basi, chifukwa botololo lidali litangotuluka mufiriji. Mnzangayo adaseka, nandiuza kuti ndifumbate tambulayo ndi manja awiri, tiyambe tacheza. Patapita kanthawi ndidanunkhiza, ndipo fungo la koko lidatuluka bwinobwino. Nditapsontha pang'ono, lilime lidayamba lamva kutsekemera, kenaka kukoma kwa mtedza wokazinga, ndipo pomeza padatsala kuwawa konga kwa nkhoko zopserera pansi pa mphika. Kuwawa kotsalirako ndiko kumakuitanitsa kuti upsonthenso.

Tsono chokoleti chimalowa bwanji m'mowa? Yankho lake amayi ofulula mowa kumudzi angalimve msanga kuposa ophunzira, pakuti nkhani yonse yagona pa chimera. Monga iwo amanyika mawere kapena chimanga kuti zimere, nayanika padzuwa, Azungu nawo amameretsa barele. Kusiyana kwake nkwakuti gawo lina la chimeracho amalikazinga pamoto wopitirira madigiri 200 mpaka njere zitada. Njere za koko nazo zimakazingidwa zisanasanduke chokoleti, ndipo moto umabala fungo lofanana m'mbewu ziwirizi. Nchifukwa chake chimera chokazingacho chimatchedwa dzina la chokoleti ngakhale mulibe koko ndi pang'ono pomwe. Luso limeneli lidakhazikika m'chaka cha 1817, pamene Mngelezi wina, Daniel Wheeler, adapanga mgolo wachitsulo wozungulira pamoto, wokazingira chimera osachipsereza.

Apa ndi pamene wogula ayenera kuwerenga botolo mosamala. Mowa umene ndidalawawo, umene unkafululidwa ku Wandsworth mpaka ntchitoyo idasamukira ku Bedford mu 2006, umatchedwa "wapawiri" chifukwa muli chimera chokazinga ndiponso chokoleti chenicheni. Koma ku New York, kumene ofulula ang'onoang'ono adadzutsanso maphikidwe akale, kuli Brooklyn Black Chocolate Stout, woyamba kufululidwa mu 1994, amene alibe chokoleti. Fungo lonse ndi la chimera. Palinso ena amene amathira shuga wa mumkaka, amene yisiti satha kumudya, kotero kuti mowa umatsekemera kwambiri. Kunena zoona, woterewu sundikomera: ukamwa theka la tambula pakamwa pamachita nthanzi ngati wadya uchi wambiri.

Wina angati kusakaniza koko ndi mowa ndi masewera a anthu okhuta. Mbiri ikukana. Anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, Amaya ndi Aaziteki, sankadya chokoleti koma ankachimwa, chowawa, nthawi zina chothira tsabola, ndipo ankachitsanula kuchokera m'chikho china kupita m'china kuti chichite thovu. Shuga adayamba kuthiramo ndi Asipanya, ndipo chokoleti cholimba chomatafuna chidayamba kupangidwa ku Bristol mu 1847. Ndiye kuti chakumwa chakuda, chowawa, chathovu, chili pafupi ndi chiyambi cha chokoleti kuposa switi ya m'sitolo.

Chimene chidandidabwitsa koposa ndi mphamvu yake. Wa Young's uja uli ndi ukali wa magawo 5.2 pa 100 alionse, pafupifupi ngati mowa wam'botolo wamba, koma wa ku Brooklyn umafika magawo 10, ndipo kukoma kwa chimera kumabisa ukaliwo kotero kuti munthu amauzindikira poimirira. Botolo limodzi lotere ndi mabotolo awiri a masiku onse. Eni ake amadziwa zimenezi: amauthira m'tambula yaing'ono, naumwa pambuyo pa chakudya, osati pofuna kupha ludzu.

Usiku umenewo botolo limodzi lidatitengera pafupifupi ola lathunthu. Pamene ndinkatsika masitepe a sitima yapansi panthaka, kuwawa kwa nkhoko kuja kudali kudakali pa lilime.