Match: macesi kapena mpira?

Ku Angónia, m'cigawo ca Tete, kunali mwana wina wa zaka 7. Tsiku lina Loweruka kunyumba kwao kunafika amalume ake. Amalumewo anakhala ku Malawi zaka zambiri, ndipo polankhula ankasakaniza Cinyanja ndi mau a Cingerezi. Madzulo anakhala pakhonde nayamba kupotokola wailesi yao. Mwana uja ankaimba pafupi.

"Iwe, leka phokoso. Ndikufuna match," anatero amalume.

Mwanayo anaganiza pang'ono. Match... macesi! Anathamangira kukhichini, anakwera pa mtondo, natenga bokosi la macesi pamene amayi amabisa.

"Awa, amalume."

Amayi ataona anakuwa. "Wakupatsa ndani macesi? Suona kuti udzu wauma?" Inali nyengo ya cilimwe, mphepo inali kuomba, ndipo denga la nyumba linali la udzu. "Acimwene, mwamutuma ndinu mwanayu?"

"Iyayi, mlongo wanga. Ine ndimanena mpira wa pa wailesi."

Kodi analakwa ndani? Mwana sanamve molakwa. Amalume naonso sananame. Vuto linali m'liwu lija. Liwu la Cingerezi la match lili ndi malembo 5: m, a, t, c, h. Ndi lalifupi, koma limanena zinthu zingapo.

Tanthauzo loyamba ndi limene mwana anamva. Match ndi kamtengo kakang'ono ka mutu wa mankhwala, koyatsira moto. Kakakhala kamodzi, Angerezi amati match. Tikakhala tambiri amati matches. Apa ndi pamene panacokera liwu la Cinyanja lakuti macesi. Linalowa mosavuta, cifukwa limayamba ndi ma, monga mazira, masamba ndi mabuku. Lero palibe amene amaliyesa mlendo. Pa Cipwitikizi macesi ndi fósforos.

Macesi sanayambe kale kwambiri. Agogo a makedzana ankapekesa moto ndi timitengo tiwiri touma. Inali nchito ya thukuta. Moto ukazima usiku, m'mawa mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa anansi. M'caka ca 1826, munthu wina wogulitsa mankhwala, dzina lake John Walker, wa m'tauni ya Stockton-on-Tees ku England, anapanga kamtengo koyaka pokakhwecha pa cinthu cokhakhala. Mu 1827 anayamba kugulitsa. Macesi a zaka zoyambazo anali oopsa, cifukwa ankayaka paliponse pamene akhudzana ndi cinthu. Mu 1844, ku Sweden, Gustaf Erik Pasch anapeza nzeru ina. Anagawa mankhwala pawiri: ena pamutu pa kamtengo, ena m'mbali mwa bokosi. Ndiye cifukwa cake macesi a m'sitolo amafuna bokosi lake kuti ayake. Mankhwala ofiirira a m'mbali mwa bokosi aja dzina lake pa Cipwitikizi ndi fósforo, ndipo macesi anatengera dzina pamenepo.

Ngakhale zili conco, macesi si coseweretsa. Kamtengo kamodzi kakhoza kutentha nkhokwe ya cimanga ca caka conse. Amayi aja anakuwa ndi cifukwa.

Tanthauzo laciwiri ndi limene amalume ankafuna. Match ndi masewera a mpikisano. Pamakhala mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imafuna kupambana. Mu mpira wa miyendo mbali imodzi imakhala ndi osewera 11, inanso 11. Amasewera mphindi 45, napuma, naseweranso mphindi 45. Zonse pamodzi ndi mphindi 90. Timu ya dziko la Mozambique ndi Mambas. Timu ya dziko la Malawi ndi Flames. Awiriwa akakumana pabwalo, imeneyo ndi match. Pa Cipwitikizi amati jogo kapena partida.

Pali mau ena a Cingerezi ofanana ndi match ya mpira. Limodzi ndi game, lina ndi contest. Mau otere ali ngati ana a mimba imodzi: nkhope zimafanana, koma aliyense ali ndi khalidwe lake. Game ndi masewera alionse. Ana akamasewera cibisalirano pa mwezi, imeneyo ndi game, koma palibe Mngerezi amene anganene kuti ndi match. Contest ndi mpikisano ulionse, ngakhale wa nyimbo kapena wa kuvina. Mpira wa sukulu ziwiri ndiwo umalola mau onse atatu. Cinyanja naco cimatero. Kuseka ndi kumwetulira ndi mau apacibale, koma womwetulira samveka kuseri kwa nyumba.

Tanthauzo lacitatu silinena cinthu cogwira ndi manja. Limanena kufanana kapena kuyenerana. Amayi akavala kapulana ya maluwa ofiira, namanga kumutu mpango wa maluwa ofiira omwewo, Angerezi amati zovalazo zacita match. Nsapato ya kumanja ndi ya kumanzere zimacita match. Koma nsapato yakuda ndi patapata wobiriwira, ai! Mphika ndi civundikiro cake zimacita match. Apa mau ofanana nalo ndi fit, suit ndi go with. Pa Cipwitikizi amati combinar.

Tanthauzo limeneli limapezeka kawirikawiri m'mabuku a sukulu a Cingerezi. Kumanzere kwa tsamba kumakhala zithunzi: mbuzi, khasu, dzira. Kumanja kumakhala mau. Pamwamba amalemba kuti Match. Sakunena kuti mwana atenthe buku. Sakunenanso kuti akasewere mpira. Akunena kuti alembe mzere kucokera pa cithunzi kufika pa liwu lake. Nchito yomweyo m'mabuku a Cipwitikizi amailamula ndi liwu lakuti liga, ndiye kuti lumikiza.

Palinso kena. Anyamata awiri akagwirana m'dambo, wina osagwetsa mnzake, Angerezi amati aliyense wapeza match wake, ndiye kuti mnzake wolingana naye mphamvu. Liwu lofanana nalo ndi equal. Mwamuna ndi mkazi oyenerana pa banja naonso amawanena ndi liwu lomweli.

Nanga zinatheka bwanji kuti moto, mpira ndi kapulana zikhale m'liwu limodzi? Kale sanali mau amodzi. Anali awiri. Loyamba ndi la Cingerezi cakale, ndipo linkatanthauza mnzako, wolingana nawe. Kucokera apo njira ndi yoongoka. Anthu awiri olingana ndi match. Ukawaika pabwalo kuti apikisane, mpikisanowo ndi match. Zinthu ziwiri zoyenerana zacita match. Liwu laciwiri Angerezi analitenga ku Cifalansa cakale, ndipo linkatanthauza cingwe ca nyali, cija cimayaka. Lili ndi mbale wake m'Cipwitikizi, liwu lakuti mecha, limenenso limanena cingwe ca nyali. Patapita zaka zambiri mau awiriwa anayamba kumveka cimodzimodzi ndi kulembedwa cimodzimodzi. Ali ngati anthu awiri a midzi yosiyana amene anapatsidwa dzina limodzi.

Izi si za Cingerezi cokha. Pa Cinyanja, mtengo ndi umene umamera m'thengo, ndipo mtengo ndi ndalama zogulira cinthu pamsika. Amayi akafunsa wogulitsa mbatata kuti "Mtengo wake ndi bwanji?", wogulitsa sayang'ana kunkhalango. Mwezi umawala usiku, ndipo mwezi ndi masiku a pa kalendala. Pa Cipwitikizi, manga ndi mango akudya, komanso manga ndi mkono wa malaya. Mwana aliyense wa kalasi yoyamba amadziwa kale kusiyanitsa mtengo ndi mtengo. Palibe anamuphunzitsa pa bolodi. Amamva mau oyandikana nalo, naona kumene ali.

Ndi match cimodzimodzi. Likayenda ndi box, ndiye kuti bokosi, akunena macesi. Likayenda ndi football, ndiye kuti mpira wa miyendo, akunena masewera. Likabwera pambuyo pa maina a zinthu ziwiri, monga nsapato ndi lamba, akunena kufanana. Amalume aja anachula liwulo lokha, lopanda anzake. Wailesi inali m'manja mwao, inde, koma mwana wa zaka 7 sanadziwe kuti mpira uli ndi dzina lotere. Iye ankadziwa macesi basi. Pamenepa wamkulu ndiye anayenera kulankhula bwino.

Cigawo ca Tete cimacita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'maiko atatuwa ana amaphunzira Cingerezi kusukulu. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, mabanja ambiri a ku Tete anakhala ku Malawi. Mau a Cingerezi amamveka pamsika, m'basi ndi pa wailesi. Makolo ndi azimalume akachula liwu lacilendo pamaso pa mwana, ndi bwino kunenanso tanthauzo lake m'Cinyanja, pomwepo. Mwana akafunsa kuti "Mukunena ciani?", asakalipidwe. Madzulo, pakudya, banja likhoza kupikisana kupeza mau a Cinyanja a matanthauzo awiri. Agogo amawadziwa ambiri.

Tsiku lija amayi analanda bokosi, nalibisa pamalo ena, kutali ndi mtondo. Amalume anaitana mwana uja.

"Bwera, khala apa. Match imene ndimanena ndi iyi."

Anakweza mau a wailesi. Woulutsa ankalankhula mofulumira, ndipo anthu ankakuwa pabwalo. Kutada, amayi anatulutsa nyali ya parafini, nakhwecha kamtengo kamodzi.

"Amalume, iyo ndi match?"

"Eya."

"Nanga ya mu wailesi?"

"Nayonso ndi match."

Mwanayo anayang'ana mpango wa amayi, nayang'ananso kapulana yao. Mpango unali wacikasu. Kapulana inali yabuluu.

"Koma izi ai," anatero amalume, ndipo amayi anawaponyera cikuni.