Abusa Otsata Nkhosa m'Minda ya California

Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inameza anyamata a ku United States, nisiya minda ya thonje, ya mphesa ndi ya ndiwo zamasamba yopanda oikolola, boma la dzikolo linapangana ndi la Mexico m'chaka cha 1942 kuti amuna a kumeneko aziwoloka malire kukagwira ntchito ya miyezi yowerengeka. Ndipo anthuwa, amene ankatchedwa mabracero, ndiko kunena ogulitsa mphamvu ya mikono yawo, anabwerabe kufikira 1964. Pamalire ankawapopera mankhwala a DDT ngati chimanga cha m'nkhokwe, nawagoneka m'zithando kutali ndi midzi, nawapatsa khasu la mpini waufupi, limene limaweramitsa munthu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kotero kuti kapitawo akaona msana wowongoka ankadziwiratu amene wapumula.

Pafupifupi onsewo anali Akatolika, koma mlendo ndi mame: parishi yozolowera anthu okhazikika inasowa chochita ndi Mkhristu amene lero ali pano, mawa watsata zokolola kwina. Ambuye Robert Lucey a ku San Antonio ndiwo anatsogolera komiti ya maepiskopi yosamalira olankhula Chisipanishi, yokhazikitsidwa mu 1945. Koma amene ine ndimawavulira chipewa koposa ndi ansembe anayi a arkidayosizi ya San Francisco, mwa iwo Bambo Donald McDonnell ndi Bambo Thomas McCullough, amene kuyambira 1950 ankayenda ndi guwa lonyamula m'manja, napereka nsembe ya Misa m'misasa antchito ataweruka, nalapitsa amuna olefuka amene anasiya akazi ndi ana kutsidya. Pomva madandaulo a malipiro odulidwa ndi chakudya chosayenera, anazindikira kuti mbusa wodalitsa nkhosa osafunsa amene akuzimeta mpaka kuzitema sanatsirize ntchito yake. Ku San Jose, Bambo McDonnell anaphunzitsa mnyamata wina, Cesar Chavez, kalata ya Papa Leo XIII ya 1891, Rerum Novarum, yoteteza ufulu wa antchito kugwirizana m'mabungwe.

Tisabise mawu, Mpingo wonse unachedwa kutsata ansembewa, pakuti eni minda ambiri analinso Akatolika, opereka mtulo wooneka, ndipo kudzudzula wokhala pampando wakutsogolo m'tchalitchi kumafuna mtima wolimba. Antchito eni ake ndiwo anatsogola. Mu 1965 antchito otsogoleredwa ndi Chavez uja anagwirizana ndi anzawo ochokera ku Philippines kunyanyala ntchito m'minda ya mphesa ya Delano, ndipo m'nyengo ya Lenti ya 1966 anayenda pansi masabata atatu ndi masiku angapo, mbendera ya Amayi Maria a ku Guadalupe ili patsogolo, nafika ku Sacramento, likulu la California, tsiku la Pasaka. Maepiskopi anasankha komiti yoyanjanitsa mbali ziwirizo mu 1969, momwe Monsinyo George Higgins anagwira ntchito yaikulu, ndipo eni minda anasaina mapangano mu 1970. Khasu lalifupi lija linaletsedwa ku California mu 1975.