Musanagule kamera yatsopano, yambani mwaona lenzi

Ngati mumakonda kujambula ana pa tsiku lokumbukira kubadwa, pa chinkhoswe kapena ku sikelo, mwina mwakumanapo ndi funso limene limagawanitsa ojambula: ndalama zikapezeka, mugule bodi yatsopano kapena lenzi yabwino? Ogulitsa amathamangira kukutchulirani ma megapixel, koma nkhani yagona pa kuwala.

Kamera imagwira ntchito ngati diso lanu. Lenzi imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pa sensa, kachipangizo ka m'kati mwa bodi, monga momwe diso limaponyera kuwala pa retina, kakhungu ka kuseri kwake. Kuwala kukafika kochepa, ngakhale sensa yodula ilibe pogwira.

Taonani manambala olembedwa pa lenzi yanu. Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm f/3.5-5.6. Nambala yotsatira chilembo cha f ikakhala yaing'ono, khomo lolowera kuwala limakula. Lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ili m'gulu la zotchipa, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ija ikakokedwa kufika pa 55mm. M'nyumba ya mawindo ang'onoang'ono, kapena ku kiliniki ya kumudzi kopanda magetsi, kusiyana kumeneku n'kumene kumathandiza kuti mwana wosakhazikika asatuluke chimbuuzi.

Za ma megapixel zisakusowetseni tulo. Kamera yoyamba ya digito, imene Steven Sasson wa ku Kodak anapanga mu 1975, inali ndi 0.01 basi. Lero 12 ndi okwanira kusindikiza chithunzi chooneka bwino pa pepala la A4, ndipo mukachitumiza mwachizolowezi pa WhatsApp chimachepetsedwa ndithu.

Bodi nayo ili ndi pake. Sensa yaikulu, ya 36mm ndi 24mm, imachita bwino kukada, ndipo makamera atsopano amatha kutsata diso la munthu amene akuyenda. Chenjerani ndi polumikizira. Mu 2018 Canon ndi Nikon anatulutsa makamera a polumikizira patsopano, RF ndi Z, moti lenzi zakale zimafuna adaputala, ndalama inanso imeneyo. Kwa ambiri a ife, lenzi ndiyo yoyamba kugula, chifukwa imakhalitsa kuposa bodi. Mdani wake ndi chinyezi cha m'dzinja chimene chimameretsa chuku m'galasi, choncho isungeni pouma.

Inu odzipereka pa ntchito zaumoyo, amene mumajambula chilonda kapena zidzolo pa foni kuti mlangizi wa zaumoyo aone, simufunika chipangizo chatsopano. Pemphani kaye chilolezo kwa kholo. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa, pitani pakhonde powala, ndipo sendezani foni pafupi m'malo mokoka chithunzi ndi zala, chifukwa pa mafoni ambiri kukokako kumangochisokoneza.

Palinso china chimene kamera yakale imaonetsa, yatsopano n'kubisa. Mukajambula ndi fulashi m'chipinda chamdima, maso amatuluka ofiira. Ambiri amati chithunzi chaonongeka, chonsecho kufiirako ndi kuwala kumene kwabwerera kuchokera kuseri kwa diso, kumene kuli mitsempha yambiri ya magazi. Kwa mwana, kufiira kofanana m'maso onse awiri n'kwachibadwa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti pakati pa diso limodzi patuluke poyera, ngati diso la mphaka usiku. Izi zikhoza kukhala ng'ala, kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira kwambiri ana osakwana zaka 5. Ikapezeka msanga imachizika. Ikachedwa imafalikira kunja kwa diso ndipo imapha. Makamera ambiri amakono amafufuta okha kufiira kwa maso, pomwe mafoni amajambula usiku osayatsa fulashi n'komwe, ndiye chizindikirocho chikhoza kukudutsani.

Nthawi zina zimitsani kofufutira maso ofiirako, yatsani fulashi, mwana ayang'ane kamera. Chithunzi si kuyeza kwa kuchipatala, ndipo kuyera kukhoza kubwera chabe chifukwa mwana anayang'ana chammbali. Komabe mukakuona, makamaka m'diso lomwelo kangapo, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala chapafupi, chithunzicho chili m'manja, kuti akamuyeze maso. Kukafunika akatswiri adzakutumizani kuchipatala chachikulu, monga Lions Sight First Eye Hospital ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre.